Vape ikusutidwa ndi ana athu, osati madala ofuna kusiya fodya

Abale anga a kuno ku Harare, nkhani ya vape, kachipangizo ka batire kokokera nthunzi m'malo mwa utsi wa fodya, yandikhala pamtima ndipo ndati ndilankhulepo.

Kachipangizo kameneka kanapangidwa mu 2003 ndi katswiri wa mankhwala wa ku China, Hon Lik, yemwe ankasuta kwambiri ndipo ankafuna njira yosiyira fodya. Mpaka lero ogulitsa amatiuza kuti vape ndi yothandiza wosuta kusiya ndudu. Koma tayendani muone amene akuikoka. Podikira kombi pa Copacabana, kunja kwa mabala ku Avondale, paliponse ndi anyamata ndi atsikana a zaka za m'ma 20, ambiri mwa iwo sanagwirepo ndudu chibadwire. Nanga iwowa akusiya chiyani?

Madala athu a ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku, amene anaphunzira kusuta ali kumafamu ndi kumigodi, akadali ndi ndudu yawo yogula imodziimodzi, ena chingambwe chopichira panyuzipepala. Chifuwa chikuwasautsa ndi iwowo, koma vape sakuidziwa n'komwe, ndipo mtengo wake sangaukwanitse. Ku America, komwe amawerengera zinthuzi chaka ndi chaka, zikuoneka chimodzimodzi. Bungwe la boma loona zaumoyo kumeneko, la CDC, linapeza kuti akuluakulu osuta vape anachoka pa 4.5 peresenti mu 2019 kufika pa 6.5 peresenti mu 2023, koma pakati pa a zaka 21 mpaka 24 chiwerengerocho chinali 15.5 peresenti. Okalamba ndi amene anali ochepetsetsa.

Mwana wa achemwali anga ali nayo. Ndi kanthu kobiriwira, kosalala, kokwana m'chikhatho, ndipo amakatchaja ndi chingwe chomwecho cha foni. Akapuma, chipinda chonse chimanunkhira mango. Amayi ake kwa nthawi yaitali ankayesa ndi pefyumu. Nditamufunsa anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Malume, si fodya uyu, ndi nthunzi chabe." Koma tsiku lina magetsi atazima batire n'kutha, ndinamuona akuyendayenda pabwalo, akupsa mtima ndi aliyense. Chimenecho ndi chibaba, ndipo amene anakhalapo ndi wosuta amachidziwa.

Madzi a m'kati mwa ma vape ambiri ali ndi nikotini, yemweyo wa mufodya. Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25, ndiye woyamba ali wamng'ono amakodwa msanga. Chinanso, ndudu imatha, munthu n'kutaya chotsalira. Vape sikuuza kuti wakwana. Pakabokosi amalemba kuti ungakoke maulendo masauzande, ndipo mwana amaikoka ali pabedi, ali m'bafa, ngakhale pakati pa usiku, popanda machesi kapena fungo lomuulula.

Sindikukana kuti wosuta wakale akasiyiratu ndudu n'kugwira vape amapewa poizoni wambiri wa utsi, ndipo a zaumoyo ku Britain amalimbikitsa osuta kutero. Komatu Britain yemweyo analetsa ma vape otaya ukamaliza kuyambira pa 1 June 2025, ataona kuchuluka kwa ana owasuta komanso zinyalala za mabatire. Ndikudziwanso kuti fodya ndi amene anabweretsa makolo athu ambiri kuno kuchokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo mpaka pano mabanja akudyera ku okushoni. Zimenezo sizingatitseke pakamwa pamene mwana wa sukulu akugula nikotini wonunkhira sitiroberi.

Chimene ndikupempha n'chakuti wogulitsa aliyense, kaya m'shopu kaya pa WhatsApp, azifunsa chitupa asanapereke, ndipo wogulitsa kwa mwana wosakwana zaka 18 alangidwe. Zonunkhira za maswitizi zichotsedwe, chifukwa mdala wa zaka 60 wofuna kusiya fodya safuna bubble gum. Ndipo inu makolo, mukaona kanthu kachilendo kali patchaja pambali pa foni ya mwana, katengeni mukaone bwino, mumufunse kuti anayamba liti ndipo akugula kwa ndani.