Mngoni osalankhula Chingoni ni Mngoni ndithu

Chaka chilichonse Nc'wala, mwambo wa Angoni kuno kum'mawa kwa Zambia, ikayandikira mu February pamatuluka anthu pa Facebook onyoza Angoni a kwa Mpezeni, ati ndinu Angoni a bwanji inu ongolankhula Chinsenga. Ine zimenezi zimandiwawa abale anga, chifukwa chilankhulo ni china, magazi ni ena.

Zwangendaba, mfumu ya Angoni, pomwe amawoloka Zambezi mu 1835 gulu lake linali kale losakanikirana, munali Aswazi, Atsonga, Akaranga omwe anawatola m'njira, kenako kuno anakwatira akazi a Chinsenga ndi a Chichewa ambirimbiri, ndiye mwana wakhala tsiku lonse kumbuyo kwa amake a Chinsenga, atate ake ali ku nkhondo, mufuna alankhule chani? Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ingoma ndi m'mayina ngati Jere, koma ufumu, malobolo ndi kutsata mtundu wa kwa atate zonse zilipobe mpaka lero.

Si kuno kokha. Adamara a ku Namibia amalankhula chilankhulo cha Akhoekhoe, anthu akale oweta ziweto a kumwera kwa Africa, koma DNA yawo ili pafupi kwambiri ndi anthu a zilankhulo za Bantu. Axhosa nawo chilankhulo chawo ni cha Bantu ngati chathu, koma m'magazi mwawo muli gawo la Asan, anthu akale osaka nyama a kumwera kwa Africa, ndi Akhoekhoe, olo mawu odina lilime aja anatenga komweko.

Inde pena ziwirizi zimayendera limodzi. Makolo athu tonse, Mchewa wa ku Katete, Mnsenga wa ku Petauke, Mtumbuka wa ku Lundazi, Mngoni yemwe, chiyambi chawo ni kumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka ngati 4,000 kapena 5,000 zapitazo, ndipo apa DNA ndi zilankhulo zikugwirizana. Chomwe chimandikhudza kwambiri ni kafukufuku wa 2017 yemwe anayeza mafupa akale a ku Hora ndi Fingira kumpoto kwa Malawi. Anapeza kuti anthu amenewo anali osaka nyama, achibale a Asan, ndipo mwa Achewa, Atumbuka, Ayao ndi Angoni a lero a ku Malawi magazi awo pafupifupi mulibe. Mwina ni Akafula aja agogo amatisimbira.

Amenewo ndiye anatheratu, chilankhulo ndi magazi omwe, zatsala ni zojambula za m'mapanga ngati ku Kalemba ku Chadiza. Ana athu a sukulu ambiri sanapitekonso, ife tili bize kukanganirana kuti Mngoni weniweni ndani.