Ndakatulo ya mitengo: za ku Angónia n'zina, za ku Dedza n'zina

Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, m'malo ambiri msewu wa M1 ndiwo malire: mbali ino maboma a Angónia ndi Tsangano ku Mozambique, mbali inayo Malawi. Chinenero n'chimodzi, mapiri ometedwa mpala ndi omwewo. Koma mwana akaima pabwalo la sukulu kuti alakatule ndakatulo yosamalira chilengedwe, chimene chimamupunthwitsa kuno si chimene chimamupunthwitsa uko.

Kuno vuto limayambira papepala. Ndakatulo zambiri zimabwera pa WhatsApp kuchokera ku Malawi, zolembedwa ndi "ch". Mwana wa ku Ulónguè, likulu la boma la Angónia, amene anaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi akaona "chilengedwe", pakamwa pamatuluka "shilengedwe", bwalo lonse n'kufa ndi phwete. Mukailembanso ndi "c", monga amalembera Cinyanja m'makalasi a zinenero ziwiri, amene sanadutse m'makalasi otero awerenga "silengedwe". Mankhwala ake n'kuchotsa pepalalo. Aphunzitsi alakatule mokweza, mwana azibwereza mizere inayi patsiku mpaka ikhazikike pamtima. Mizere 16 kapena 20 ndi yokwanira, mphindi ziwiri basi.

Ku Malawi zilembo sizivuta, popeza Chichewa chimaphunzitsidwa m'sukulu ndipo ndakatulo amazimva pawailesi. Matenda awo ndi kutengera mawu a alakatuli otchuka: kukuwa kuyambira mzere woyamba, ndime khumi, pofika pakati mmero wauma ndipo agogo ayamba kucheza zawo. Yambani motsitsa, pumani pothera ganizo osati pothera mzere, ndipo mupatse anthu mzere umodzi woti azivomera ngati nyimbo ya pamtondo. Ulemu kwa amfumu ndi alendo uperekedwe ndakatulo isanayambe, usalowe m'kati mwake.

Kusiyana kwakukulu kuli pa nthawi. Amalawi ali ndi nyengo yobzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo mu Januwale ana amakhala ali pasukulu. Mwana akamaliza kulakatula amatsikira kudzenje, dothi lili lonyowa. Kuno mvula ikamalimba mu Disembala ndi Januwale ana ali patchuthi, choncho mwambo umakankhidwira pa 5 Juni, tsiku la chilengedwe padziko lonse. Juni wa ku Angónia mukumudziwa: chisanu, mphepo, nthaka gwa, mbuzi zamasulidwa chifukwa anthu akolola. Mbande yobzalidwa tsiku limenelo imafuna ndowa ya madzi kawiri kapena katatu pa sabata mpaka mvula idzagwe, ndipo ikapulumuka mbuzi, lupsa likuidikira mu Seputembala. Apa Amalawi anationera patali. Ndakatulo ya mu Juni inene za moto wa m'tchire ndi kulambula njira zotchinga moto. Yobzalira mitengo idikire Febuluwale, sukulu zikangotsegulidwa.

Komabe nafenso tili ndi chathu. M'nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza kunabwera mfundo yakuti wophunzira aliyense akhale ndi mtengo wake, mfumu iliyonse nkhalango yake. Mtengo wokhala ndi mwini sufota msanga, ndipo mwana wonena kuti "mango anga" amalakatula ndi mtima wina kusiyana ndi wonena kuti "tiyeni tisamale dziko lapansi". Dziko lapansi n'lalikulu, palibe amalithirira.

N'chifukwa chake ndakatulo yobwereka iyenera kusinthidwa mayina. Ya ku Malawi itchula namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 ndi mapiri a ku Blantyre ndi Mulanje. Mwana wa ku Moatize, m'chigawo cha Tete, chimene akukumbukira ndi namondwe Ana wa mu Januwale 2022, amene anadula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, komanso fumbi la malasha pa zovala zoyanika. Kumtunda tchulani msuku, mbawa, mlombwa. Kuchigwa cha Zambezi tchulani mlambe, masau ndi tsanya amene akuthera m'matumba a makala. Ndipo samalani pa makalapo. Mbali zonse ziwiri, pakati pa omvera pali bambo amene yunifolomu ya wolakatulayo anaigula ndi ndalama ya makala. Mukamutcha mdani wa dziko anyamuka, ndipo msonkhano wotsatira sabwera. Ndime imeneyo inene za chitsa: mitengo yambiri yachilengedwe ikadulidwa bwino, osaitentha patsinde, imaphukira, ndipo mukasiya mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba n'kusadza zinazo, imakula msanga kuposa mbande ya mu chubu.

Ngati mwambo uthera pobzala, maenje akumbidwe pasadakhale, masentimita 30 kuya ndi 30 m'lifupi, dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owola libwerere pansi. Chubu ching'ambidwe n'kuchotsedwa. Ana ambiri amakwirira nacho chifukwa cha changu alendo akuyang'ana, mizu n'kupiringizana m'katimo. Tsenderani dothi, siyani kabeseni kosunga madzi, ndipo mpanda wa minga uikidwe tsiku lomwelo anthu asanabalalike.