Ophunzira a ku Wits ndi UCT sanaiwale amayi okolopa

Anthu akamakamba za zionetsero za ophunzira za #FeesMustFall ku South Africa amakumbukira fizi basi. Zoonadi moto unabuka chifukwa cha fizi. Mu October 2015 yunivesite ya Wits ku Johannesburg inati ikweza fizi ndi 10.5 peresenti, ophunzira n'kutseka zipata, zionetsero n'kufalikira dziko lonse, mpaka pa 23 October pulezidenti wa dzikolo panthawiyo, Jacob Zuma, analengeza kuti chaka cha 2016 fizi sikwera. Koma ine chimene ndimawalemekezera ana amenewo si fizi ayi. Ndi nkhani ya okolopa, alonda, ophika ndi otchetcha kapinga.

Kale anthu amenewa anali antchito a yunivesite ngati wina aliyense. Kenako mabwana anati ntchito ya yunivesite ndi kuphunzitsa ndi kufufuza, zokolopa apatsidwe makampani. Yunivesite ya Cape Town (UCT) inachita zimenezi mu 1999, Wits mu 2000, ndipo ku Wits kokha anthu pafupifupi 600 anachotsedwa ntchito. Ena anabwereranso kudzera m'makampani aja. Tsache lomwe lija, zimbudzi zomwe zija, koma malipiro otsika, penshoni ndi thandizo la kuchipatala zapita. Chowawa kwambiri n'chakuti ana a antchito a yunivesite ankachotseredwa fizi, pomwe ana a antchito a kampani ayi. Mayi azikolopa laibulale tsiku ndi tsiku mpaka msana kupindika, mwana wake osaponda n'komwe m'laibulalemo.

Antchitowa sanakhale chete zaka zonsezo, ankadandaula ndithu. Koma wa pa kontilakiti akakweza mawu, mawa lake amauzidwa kuti asabwerenso. Akapita kwa akuluakulu a yunivesite, yankho linali lakuti si ife tinakulembani, kaonaneni ndi kampani yanu. Wophunzira ndiye sungamuthamangitse mophweka chotero, ndipo akatseka geti dziko lonse limamva. Pa 6 October 2015, za fizi zisanatenthe n'komwe, ophunzira, antchito ndi aphunzitsi ena anali ataguba kale limodzi kukana mchitidwe wopereka ntchitozi kwa makampani.

Tsono taonani zimene zinachitika Zuma atalankhula. Ophunzira anali atapeza chawo, mayeso ali pakhomo, akanatha kubwerera m'kalasi osadzudzulidwa ndi aliyense. Ambiri anabwereradi. Koma ena anakana, amvekere sitisuntha amayi athu ndi abambo athu akadali m'manja mwa makampani. Sikunali kungokometsa pakamwa, ambiri mwa ophunzirawo analeredwa ndi ndalama ya tsache ndi ya ulonda. Mwezi usanathe UCT inasainirana pangano ndi bungwe la antchito la NEHAWU, ndipo mu July 2016 anthu pafupifupi 1,000 analembedwa ntchito ndi yunivesiteyo. Wits nayo inavomera, ngakhale zake zinatenga nthawi.

Wina anena kuti nanga zowotcha zija? Inde, mu February 2016 zojambula zinatenthedwa ku UCT, ndipo mu May chaka chomwecho holo yaikulu ya University of Johannesburg inapsa. Zimenezo sindiziikira kumbuyo, kunali kupusa. Ponena za dandaulo la mabwana lakuti kulembanso antchito kunadya ndalama zambiri, n'zoona kunadya. Koma ndalama imene ankati akupulumutsa zaka zonsezo inkachokera m'thumba la munthu wolandira zochepa kuposa onse pa sukulupo. Kupulumutsa kwa mtundu umenewo ine sindikuwombera m'manja.

Abale athu ali ku Joni akuidziwa bwino nkhaniyi, poti ambiri amalondera ndi kusesa malo amene mwini wake sadziwa n'komwe mayina awo, malipiro akudutsa mwa munthu wapakati amene amayamba wadyapo.

Kuno kumudzi ophunzira athu akatuluka ndi zikwangwani nkhani imakhala fizi, ngongole ya sukulu kuchedwa, kapena malo ogona. N'zomveka, madandaulo ake ndi enieni. Koma mlonda amene amakutsegulirani geti usiku mukuchokera kowerenga, amalandira zingati? Amalandira pa nthawi yake? Inu a mabungwe a ophunzira, munayamba mwaikapo funso limeneli pa mndandanda wa zokakambirana ndi akuluakulu a sukulu? Ngati alipo amene anatero, andiuze, ndikufuna ndimve kuti anayankhidwa zotani.