Diresi la Carlotta

Kuyambira dzulo ndakhala ndikuyang'ana chithunzi cha chovala china, ndipo mtima wanga sukukhazikika. Ndi siketi ndi bulauzi, nsalu yake yojambulidwa zilembo ndi manambala. Chikusungidwa ku Washington, m'nyumba ya mbiri ya anthu akuda a ku America yomwe idatsegulidwa mu 2016. Mwini wake ndi Carlotta Walls, yemwe adachivala mu 1957 ali ndi zaka 14, tsiku loyamba kupita ku Central High School mumzinda wa Little Rock, ku Arkansas.

Sukuluyi inali ya azungu okhaokha. Khoti lalikulu la dzikolo lidagamula mu 1954 kuti kulekanitsa ana m'sukulu chifukwa cha khungu nkuphwanya malamulo, koma padapita zaka 3 zinthu zili chomwecho. Ana 9 akuda atalembetsa, bwanamkubwa wa chigawo cha Arkansas, Orval Faubus, adaika asilikali pakhomo kuti asalowe. Zidatengera Pulezidenti Eisenhower kutumiza asilikali ena kuti anawo aperekezedwe mpaka m'kalasi pa 25 September.

Ena amati kusunga chovala ngati ichi nkungotaya malo, poti zithunzi ndi makalata a khoti zilipo kale. Ine ndikukana. Pachithunzi ana awa timawaona ngati ngwazi, anthu a mitima yachitsulo. Koma taonani kachiuno ka siketiyo, taonani kuchepa kwa mapewa a bulauziyo. Mudzazindikira kuti amene ankatukwanidwa ndi chikhamu cha abambo ndi amayi akuluakulu anali mwana, msinkhu wa mwana wanu wa fomu 1.

Chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi ichi: mayi ake a Carlotta ankadziwa kusoka, ndipo zovala zake zambiri zinkachokera pa makina a pakhomo. Koma pa tsikuli wachibale wina adapereka madola 20 kuti mwanayo akagule chovala cha m'sitolo. Aliyense amene adasitirapo yunifolomu usiku, nkuipachika bwinobwino kuti isakwinyike, akudziwa chimwemwe chimenecho. Banjali linkakonzekera tsiku lalikulu la mwana wawo, monga amachitira makolo onse.

Mnzake Elizabeth Eckford, wa zaka 15, adasoka yekha diresi lake mothandizana ndi mchemwali wake, loyera kumtunda, la mandalasi kumunsi. Kwawo kunalibe telefoni, choncho uthenga woti ana onse akumane kaye ndi kupita pamodzi sudamupeze. Pa 4 September adafika yekhayekha, buku m'manja, gulu la azungu likumulondola pambuyo ndi mawu onyoza. Tsiku lomwelo ku Charlotte, ku North Carolina, Dorothy Counts adalowa pa Harding High School atavala diresi losokedwa ndi agogo ake, ndipo adamulavulira malovu. Patangopita masiku ochepa makolo ake adamuchotsa pasukulupo poopa moyo wake.

Makolo awa ankadziwa kuti tsankho limasakasaka chifukwa. Batani limodzi likadathothoka, kolala ikadada, bwenzi akuti mwaona, ndi auve, sangakhale ndi ana athu. Ndiye ankachapa, kusita, kupesa tsitsi, kuti wonyoza asowe pogwira. Zimandipweteka kuti mwana ankayenera kuoneka wopanda banga kuti angololedwa kukhala pa desiki. Ndipo ngakhale adatchena chotero, matemberero sadachepe.

Chaka chotsatira Faubus adatseka masukulu onse a sekondale a boma a mu Little Rock kwa chaka chathunthu, kuopa kuti ana angaphunzire limodzi. Carlotta adabwerera atatsegula. Mu February 1960 nyumba ya kwawo idaphulitsidwa ndi bomba, koma kutacha adavala nkupita kusukulu, ndipo chaka chomwecho adamaliza maphunziro ake pa Central High pomwepo. Chovala chija banja lidachisunga zaka zoposa 50, pamodzi ndi lipoti lake la kusukulu, kufikira tsiku lomwe mwini wake, ali gogo tsopano, adachipereka kuti ife tonse tichione.