2024: Chaka chomwe Lusaka anatisirira ife a Malawi

Anzathu a ku Zambia, bwerani pafupi tikambirane. Zaka zonsezi mwakhala mukutiseka kuti kwathu magetsi amangobwera kudzapereka moni n'kubwerera. Makamaka mu 2022, namondwe Ana ataphwasula Kapichira, tikafika pa Mwami ndiye mumachita kutifunsa ngati tabwera ndi kandulo. Nanga 2024 inakuchitani chiyani?

Mvula itakana, a Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti chilala chija ndi ngozi yogwera dziko lonse. Ife a Chakwera analengezanso zomwezo mu Malichi, m'maboma 23 mwa 28. Pa njala tinali amodzimodzi. Koma pa magetsi, Zambia inagwa chagada. Madzi a m'damu la Kariba anaphwera moti pofika Seputembala, pa makina 6 opukusa magetsi a tsidya la Zambia kunatsala amodzi okha ozungulira, anthu n'kumaona magetsi maola atatu basi pa tsiku, ena kutha masiku osawaona n'komwe.

Ndinafika ku Lusaka nthawi imeneyo kukaoda katundu, ndipo zomwe ndinaona sindinazikhulupirire. Tawuni yonse phokoso la majenereta, utsi mpaka m'maso. Wometa wina ku Matero anandisiya mutu theka, batire la makina litatha, n'kundiuza kuti ndibwerenso 2 koloko usiku magetsi akabwera. Owotcherera zitseko ankagona pa shopu kudikira nthawi yomweyo. Mabutchala nyama ikununkha, chigayo chili zii, thumba la makala, malasha kwanuko, mtengo wake ngati wa mbuzi. Likulu la dziko la mkuwa limenelo!

Kwathu chaka chomwecho Nyanja ya Malawi inadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Shire ankayenda mwamphamvu, Nkula ndi Tedzani akupukusa. Sindikunena kuti sankazima ayi, koma munthu unkaika ndiwo mufiriji mtima uli m'malo.

Tsono ndisaname, pa mafuta a galimoto munatigonjetsa. Kuyambira Okutobala anthu ankagona pamzere ku Lilongwe ndi ku Blantyre, madola ogulira mafuta kulibe, a kabaza akukankha njinga zamoto, ena n'kumaoloka ndi zigubu kukagula petulo ku Chipata konko. Kwacha yathu inali isanadzukebe chigwetsereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Apo ndavula chipewa.

Zandale sindichulutsa. Ife tinalira Saulos Chilima ndi anzake 8 omwe anafa pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni, inu mu Disembala khothi linatsekera a Edgar Lungu khomo loimanso pa chisankho.

Ndipo musandiyambe za Barbra Banda. Inde, anagoletsa zitatu yekha polimbana ndi Australia ku Olympics ya ku Paris, anatenga chikho ndi Orlando Pride, n'kusankhidwa kukhala katswiri wa amayi mu Africa. Koma mu ligi yomweyo ya ku America, yemwe anamwetsa zigoli zochuluka, 20, n'kutenganso mphoto ya osewera bwino koposa onse ndi Temwa Chawinga wa Kansas City Current, mwana wa kwathu ku Rumphi. Kapena nkhaniyi inakuphonyani, wailesi yakanema ili chizimire?