Fizi anachotsa, koma mwana wamkazi akadali pamzere wa madzi

Ine ndinaombera nawo m'manja pamene boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema linachotsa fizi m'sukulu zaboma ku Zambia mu Januware 2022, kuyambira kumkaka mpaka giredi 12. Ana amene ankangoyendayenda m'makomboni a Kanyama, Chawama ndi Misisi mu Lusaka anakhamukira kusukulu, ndipo chaka chomwecho boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000. Zimenezo sindinyoza ayi.

Koma tiyeni tiuzane zoona, makolo anzanga. Lawirirani mukaime pa kiyosiki ya madzi ku Kanyama muone amene akulondera zigubu zachikasu zija. Ambiri ndi atsikana a giredi 5 ndi 6, ena atavala kale yunifomu, chitenje pamwamba. Taonani mmodzi mwa iwo: mlongo wake wamwamuna wanyamuka kalekale ndi chikwama kumsana. Iye atunge, asese, asambitse mwana wamng'ono chifukwa amayi alawira ku Soweto Market kukagula tomato wogulitsa. Pofika kusukulu belu linalira kale, desiki lililonse pakhala ana anayi, iye n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko pomwe bolodi silioneka bwino.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chimbudzi. Mtsikana akatha msinkhu, n'kupeza chimbudzi cha pasukulu chilibe chitseko, madzi kulibe, ndalama ya mapadi kunyumba kulibe, amasankha kukhala pakhomo mpaka masiku ake atatha. Mwezi ndi mwezi chimodzimodzi. Masamu samudikira. Akalephera mayeso timati alibe nzeru, kapena timayamba kumunena kuti wayamba anyamata. Sitinaiwalenso kolera ya 2024, imene inachedwetsa kutsegula sukulu mpaka mu Febuluwale. Gwero lake ndi lomweli la madzi ndi zimbudzi.

Malamulo tili nawo. Kuyambira 1997 mtsikana amene watenga mimba amaloledwa kubwerera kusukulu akabereka, ndipo lamulo la 2023 linaletsa ukwati uliwonse wa mwana wosakwana zaka 18, ngakhale wachikhalidwe. Koma lamulo limamuthandiza bwanji mwana amene anayamba kutsalira pang'onopang'ono ali ku pulaimale?

Ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera, zinakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse. Ndiye pamsonkhano wa wadi tisamangopempha makalasi ndi madesiki okha. Tiwafunse akansala athu kuti mpope wa pasukulu ubwera liti, ndipo chimbudzi cha atsikana chokhala ndi chitseko ndi loko chimangidwa liti. Amayi, misonkhano imeneyi muzipitako, nkhaniyi abambo ambiri sangaitchule.

Pakhomo napo palibe chodikira boma. Mnyamata manja ali nawo. Mawa m'mawa anyamule chigubu ndi iye, mlongo wake afike kusukulu belu lisanalire.