Ku Dubai foni ndi yanga, koma pakamwa ndi pa eni dziko

Abale anga kumudzi, lekani kundinena kuti ndayamba kunyada chifukwa sindiyankha mukaimba pa WhatsApp. Kuno ku United Arab Emirates kuimbirana pa WhatsApp, kaya ndi mawu okha kaya ndi vidiyo, n'kotsekedwa. Meseji imadutsa, voice note imadutsa, koma mukaimba mumangomva kulira kenako zii. Boma linalamula choncho, ndipo makampani a foni a kuno, Etisalat ndi du, amatsatira. Kwa zaka zambiri ngakhale iPhone yogulidwa m'sitolo za kuno inkabwera yopanda FaceTime, pulogalamu ya Apple yoimbirana pa vidiyo. Apple, kampani yolemera chonchija, inavomera kuchotsa mbali ya foni yakeyake kuti malonda ayende.

Dziko lino pafupifupi anthu 9 mwa 10 aliwonse ndi obwera. Amwenye, a ku Pakistan, a ku Philippines, a ku Uganda, ife Amalawi ochepa amene timalondera m'mageti ndi kukolopa m'mahotela. Ndiye amene akuvutika ndi chiletsochi ndani? Ndi mayi wa ku Kerala, ku India, amene akufuna kuona nkhope ya mwana wake, ndi ine amene ndikufuna kumva mawu a agogo anga asanagone. Olemera ali ndi njira zawo. Mu 2020 matenda a Covid atavuta, anatsegula Zoom ndi Microsoft Teams kuti maofesi ndi masukulu asaime, koma WhatsApp ya osauka inakhalabe yotseka. Chionetsero chachikulu cha maiko cha Expo chitayamba kuno ku Dubai mu 2021, alendo amene anali pamalopo ankaimba pa WhatsApp bwinobwino. Kutanthauza kuti kiyi alipo, amangosankha woti amutsegulire.

Mudzati, bwanji osaika VPN, pulogalamu yozembera ziletso za pa intaneti, monga amachitira ena? Ambiri amaikadi, sindikana. Koma lamulo la kuno la milandu ya pa intaneti, limene analikonzanso mu 2021, limati wogwiritsa ntchito VPN pochita mlandu kapena pobisa mlandu akhoza kulipitsidwa kuyambira 500,000 mpaka 2 miliyoni dirham. Kodi mlonda ngati ine ndingapeze kuti ndalama zimenezo? Ndipo amene amatanthauzira chomwe chili mlandu si ine.

Atatitsekera zina, amatipatsa mapulogalamu awo ovomerezeka. Pali Botim, imene kwa nthawi yaitali inali yolipira mwezi ndi mwezi. Mu 2019 kunabwera ina, ToTok, yaulere, yomveka bwino, anthu anaithamangira ngati chimanga cha chithandizo. December wa chaka chomwecho nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti ToTok inali chida cha akazitape a boma, chotolera mauthenga, zithunzi, manambala a anzako ndi komwe uli. Apple ndi Google anaichotsa m'masitolo awo. Koma tamverani izi: patangopita masabata owerengeka Google inaibwezeretsa, kenako n'kudzaichotsanso mu February 2020. Masabata amenewo anthu angati anaiikanso poganiza kuti poti yabwerera ndiye kuti yayera?

Chimene chimandiwawa kwambiri si kuimbako ayi. Ndi mantha amene amalowa m'zala. Malipiro athu anachedwapo kuntchito, ndipo m'gulu lathu la alonda mnzathu wina analemba mawu okwiya. Sipanathe nthawi, tonse tinamuuza kuti afufute. Palibe amene anatiopseza. Tinangodziwa tokha kuti kuno mawu a pa foni amamangitsa, munthu amapita kundende kenako n'kumukweza ndege, pomwe ngongole ya ajenti amene anamubweretsa isanathe.

Si nthano za m'chipinda chogona. Ahmed Mansoor ndi mbadwa ya dziko lino, injiniya, wolemba ndakatulo, womenyera ufulu wa anthu. Mu August 2016 analandira meseji yomulonjeza zinsinsi za akaidi ozunzidwa akangodina link. Sanadine, anaitumiza kwa akatswiri a Citizen Lab ku Toronto, ndipo anapeza kuti inali Pegasus, pulogalamu yaukazitape yopangidwa ndi kampani ya ku Israel ya NSO Group, imene imagulitsidwa kwa maboma. Apple inatseka mwamsanga bowo la mu iPhone limene Pegasus inkalowera, apo ndiwayamikire. Koma Mansoor anamangidwa mu March 2017, ndipo mu 2018 anamugamula zaka 10 chifukwa cha zomwe analemba pa Twitter ndi Facebook. Ngati mwini nthaka amamuchita zimenezo, ine wa chiphaso cha zaka ziwiri ndine ndani?

Kwa oyandikana nawo ku Saudi Arabia ndiye osanena. Salma al-Shehab, wophunzira pa yunivesite ya Leeds ku England, mu 2022 anagamulidwa zaka 34 chifukwa cha ma tweet, ngakhale pambuyo pake anachepetsa. Chaka chomwecho khoti la ku America linapeza wolakwa munthu amene ankagwira ntchito ku Twitter, Ahmad Abouammo, chifukwa chopereka zinsinsi za otsutsa boma kwa akuluakulu a Saudi posinthana ndi ndalama komanso wotchi yodula.

Inu kumudzi mumatukwana nduna pa Facebook kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiye mumatiseka kuti a kunja tinasanduka amantha. Sekani, koma kumbukirani kuti nafenso tili ndi lamulo la 2016 la za pa intaneti, ndipo anthu anagonapo m'chitokosi chifukwa cha meseji ya pa WhatsApp. Chaona mnzako chapita.

Makampani amenewa akamalankhula ku Washington kapena ku Brussels amati akulumikiza dziko lonse, aliyense akhale ndi liwu. Akafika kuno amavula nsapato pakhomo n'kufunsa kuti bwana akufuna chiyani. Mu April 2024 Microsoft inaika madola 1.5 biliyoni mu kampani ya ku Abu Dhabi yotchedwa G42. Wapampando wa G42 ndi Sheikh Tahnoon bin Zayed, mchimwene wa pulezidenti wa dziko lino, yemwenso ndi mlangizi wamkulu wa boma pa nkhani za chitetezo.